Miyala Itatu m'Botolo la Maswiti

Ulendo umenewo amuna anga atabwera kuchokera ku Dalesalamu sanandibweretsere chitenje ngati maulendo ena. Anabwera ndi chitini cha palafini chomanga kukamwa ndi mphira, ndipo fungo lake linalowa m'nyumba eni ake asanalowe. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Ndola. Iwo ankayendetsa lole yonyamula mkuwa kupita nawo kudoko, pobwerera n'kutenga migolo ya mafuta, zaka zija dziko litangolandira ufulu, njira ya kumwera itavuta. Ine ndinali ndi mwana mmodzi kumsana, wina m'mimba, ndipo mimbayo inkadana ndi fungo lililonse. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba.

Nditabwerako ndinawapeza atagwada pakhonde, akutsuka miyala itatu m'beseni losambitsira mwana. Inali yoyera mbuu ngati mafupa a kudzala. Umodzi unali ndi nthambi ngati nyanga, wina wozungulira wa mizere yokhotakhota ngati bongo wa mbuzi, wachitatu wophwatalala wa timizere topyapyala ngati kunsi kwa bowa. Maina ake anangokhala omwewo mpaka kalekale: Nyanga, Bongo ndi Bowa.

“Anyina ŵana, newo naona vinthu,” anatero m'Chinsenga chathu, osandiyang'ana n'komwe. Kwathu mwamuna ndi mkazi satchulana maina. Iwo ankandiitana choncho, ine ndinkati awisi ŵana. “Pansi pa manzi pali munda. Iyi miyala mukuona apa ni yamoyo.”

“Yamoyo? Nanga kununkha uku?”

Anandifotokozera ali chigwadire. Akuti kudoko kuja anakhala masiku angapo akudikira katundu, ndipo msodzi wina amene ankawagulitsa nsomba anawatenga m'bwato lake. Atafika pakatikati, msodziyo anawapatsa kabokosi kathabwa kokhala ndi galasi kunsi, nati aviike pamadzi asuzumire. Anasuzumira, naona miyala yomera ngati mbewu, yamitundumitundu, tinsomba tikulowa ndi kutuluka m'nthambi zake. Anthu a kumeneko amaitcha matumbawe. Adzukulu anga opita kusukulu masiku ano amati makorali. Msodzi uja anadumphira m'madzi n'kuwathyolera itatu, iwo n'kuiika m'chitini cha madzi a m'nyanja momwemo kuti ine ndidzaione. Koma msewu unali wautali, dzuwa likuwomba pachitini, ndipo pofika kwa ine mitundu yonse inali itachoka.

“Yalema chabe na ulendo,” anatero. “Ikapumula, mitundu ibwela.”

Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti andibwezere beseni langa mwana asanagone wosasamba. Nkhani ya munda wa pansi pa madzi ndinaimva ndi khutu limodzi, linalo lili ku ndiwo zimene zinali pamoto.

Patapita zaka zochepa lole yawo inagubuduzika pachitunda china kupitirira Mpika, nthawi ya mvula. Anagona m'chipatala miyezi iwiri. Anatuluka ndi chipsera choyambira kukhutu mpaka pakati pa mutu, mwendo wamanzere ukukoka pang'ono. Choopsa sichinali chipseracho ayi. Zinthu zina zinali zitagwa m'mutu mwawo ngati chimanga m'thumba loboola. Dzina la mnzawo amene anayenda naye pa loleyo zaka zinayi silinkabwera. Nyimbo za kutchalitchi ankaziyamba bwinobwino, pakati n'kuima. Ine ndi ana ankatidziwa, tithokoze Mulungu, ndipo manja awo ankaikumbukira injini ngakhale mutu utaiwala. Koma ntchito inathera pomwepo.

Tinabwerera kumudzi kwathu ku Kaumbwe, kuno ku Petauke. Ndikuti kwathu kwa ine, chifukwa pa Chinsenga mwamuna ndiye amatsata mkazi. Iwo kwawo kunali ku Mwape, ku Nyimba, ulendo wa tsiku lathunthu kapena awiri basi ikavuta. Choncho pamudzi pathu anali mkamwini, munthu wobwera, wolima munda wa eni ake ndi kuyankhula mosamala. Katundu wambiri tinamusiya m'tauni. Miyala itatu ija anainyamula okha pamiyendo njira yonse, ataikulunga m'malaya awo a ntchito.

Mmwenye wina wa sitolo pa boma anawapatsa botolo lalikulu lija loikamo maswiti, atamukonzera galimoto imene inakanika amakaniko awiri. Analitsuka ndi phulusa mpaka linawala. Pansi anaika mchenga wa kumtsinje wousefa ndi sefa yanga ya ufa, ndipo sindinakondwe nazo. Bongo anamuika pakati, Bowa pambali, Nyanga atatsamira galasi. Kenaka madzi, kenaka mchere. Ankathira pang'onopang'ono, kuvundula ndi kamtengo, kulawa ndi chala, kutsinzina, kuthiranso, mpaka lilime lawo litavomereza kuti nyanja ija inkamveka chonchi. Mmawa ankatulutsa botolo pakhonde kuti liwothere dzuwa, dzuwa likakwera n'kulibwezera mumthunzi. Loweruka lililonse ankasintha madzi.

Mwina mukuganiza kuti anali munthu waulesi wosewera ndi mabotolo. Ayi ndithu. Munda wathu wa mtedza unkalimidwa nthawi yake, nkhokwe inali yodzaza, njinga zonse za pamudzi zinkakonzedwa pakhonde pathu. Sankamwa mowa wopitirira, sanandikwezerepo dzanja. Madzulo ndikatopa ankanditengera mtolo wa nkhuni pamutu anthu akuona, chinthu chimene amuna a kwathu ankachiyesa chamanyazi. Ndinkawakonda munthuyo, ndipo ndikunena mosabisa chifukwa ndakalamba, palibe wondiseka.

Koma nkhani ya miyala inali m'kamwam'kamwa. Pamowa ankawatcha amalinyero. Wina ankayamba dala: “Amalinyelo, tiuzeniko va miyala yopuma.” Iwo, poti anali munthu wosadziwa chinyengo, ankayambadi kufotokoza ndi mtima wonse, manja akuyenda m'mwamba. Asanafike n'komwe pa kabokosi kagalasi, anthu anali atagwa kale ndi phwete. Palibe tsiku limene anaimaliza nkhaniyo. Ankabwera kunyumba n'kukhala pafupi ndi botolo lawo.

Nanenso ndisadzichotsemo. Sindinkawaseka pagulu, koma mumtima sindinkakhulupirira. Miyala ndinkaidziwa ine: ya mafuwa, yoperera, yochapira kumtsinje. Palibe umodzi unayamba wapumapo. Ndinkati mwina anaona udzu wa m'madzi, ngozi ija n'kudzasakaniza zonse m'mutu. Akandifunsa mmawa kuti, “Simukuona ngati Nyanga wayamba kusintha kunsonga?” ndinkayankha ndili kusesa kuti, “Nikuona mchele wangu ukusila,” ndiye kuti ukutha. Pakamwa panga pamathamanga kuyambira ubwana, ndipo mayi anga analephera kupaweta.

Kenaka zinafika zaka zija zinthu zinasowa m'masitolo. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Sopo, mafuta ophikira, shuga, mchere, zonse zinasanduka za mphekesera. Ukamva kuti lole yatsitsa katundu pa boma, umasiya khasu m'munda, kumanga khadi la chipani pakona ya chitenje, n'kuyamba ulendo. Pamzere unkaima kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nthawi zina zinkatha utatsala pang'ono kufika pakhomo. Ndiwo zopanda mchere tinazidya mpaka ana analeka kudandaula. M'masiku amenewo kuona munthu akuthira mchere m'botolo la miyala kunkawawa, ngakhale ukumukonda bwanji.

Anachepetsa, ndisawanamizire. Anayamba kusintha madzi kamodzi pamwezi, ndipo madzi akalewo sankataya, ankawaphitsa m'chiwaya mpaka mchere utsale pansi kuti aubwezeremo. Komabe unkachepa.

Mlandu unabuka pa chinamwali cha mwana wa achimwene anga. Achimwenewo ndiwo anali mwini mbumba, oyang'anira ife alongo awo ndi ana athu, munthu wolungama koma waukali. Amayi a pamudzi tinasonkha mchere wa phwandolo, aliyense kakombe kake, ndipo anausungitsa m'nyumba mwanga chifukwa ndinali ndi chitini chotseka bwino. Sabata imeneyo botolo lija linagwetsedwa ndi mbuzi pakhonde. Silinasweke, koma madzi onse anatayika. Ine ndinali kudimba. Pobwera ndinapeza botolo ladzazidwanso, chitini cha mchere chatsika mpaka theka.

“Nenze niti nibweze,” anatero amuna anga achimwene atawaitana. “Nikatenga mu manzi, niumike, ubwelela.”

“Mlamu, ŵanthu ŵalye mchele wosambamo miyala?” anafunsa achimwene. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiopsa. Anangowayang'ana pachipsera paja nthawi yaitali.

Phwando linachitika, nyama yake yozizira mchere, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Litatha, achimwene anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati munthu ameneyu mutu wake sukugwira, ndipo si bwino kuti adzaipire m'manja mwathu eni ake osadziwa. Anali atalemba kale kalata kwa amalume awo a amuna anga ku Mwape. Amalumewo abwere, adzaone okha, ndipo akaona kuti n'zoona amutenge mwana wa mlongo wawo apite naye kuchipatala cha odwala mutu ku Lusaka.

Pamudzi woyandikana nafe panali bambo wina amene anapita kumeneko. Anabwerako patapita zaka, wonenepa, wodekha, wosadziwa dzina la mkazi wake. Zimene anadwala sindikuzidziwa, mwina anapita ali choncho kale, koma ine chimene ndinkaona m'maso mwanga chinali chimenecho. Amuna anga anali atataya kale zambiri pachitunda cha ku Mpika. Zotsalazo ndinkazifuna zonse pakhomo panga.

Yankho linabwera kuti amalume afika pa boma Lachisanu, sabata yotsatira chikondwerero cha ufulu. Ndinawachonderera amuna anga kuti abise botolo, kapena anene kuti nkhani ya miyala inali nthabwala chabe.

“Niŵauze kuti nenze kunama?” anandifunsa.

“Kwa siku imozi chabe, awisi ŵana.”

“Ningakwanise lini,” anatero, kutanthauza kuti sangathe, n'kupita kukamanga mbuzi.

Ine ndinali woluka mikeka ndi zipewa za mlaza, ndipo amayi oluka tinali ndi nzeru yathu yopezera utoto. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha ufulu, mwezi wa Okutobala, pasukulu ankakongoletsa ndi mapepala ofewa aja a mitundu ya mbendera. Mawa lake mphepo ikawagwetsa, ife tinkakatola. Ukawaphika m'madzi pang'ono amasukuluka, utoto wonse n'kutsala mumphika, ndipo mlaza ukauviika umatuluka wowala. Chaka chimenecho ndinatola ofiira, obiriwira ndi achikasu chofiirira ngati lalanje. Ndikuwasanja m'lichero, maganizo aja anangondifikira okha. Anthu akufuna kuona mitundu kuti akhulupirire kuti amuna anga ali bwino. Mitundu ine ndinali nayo m'manja.

Lachinayi masana amuna anga ananyamuka pa ngolo ya ng'ombe kukadikira amalume awo pa boma. Ana ndinawatumiza kwa mayi anga. Ndinatseka chitseko cha mpanda, n'kuika timiphika titatu pamoto. Kanali koyamba kuigwira miyalayo ndi manja anga. Inali yopepuka kuposa m'mene ndinkaganizira, yodzaza timabowo ting'onoting'ono, ndipo Bowa anandicheka chala. Ndinaima nayo kaye osadziwa kuti uti upite mumphika uti. Zaka zonsezo amuna anga ankatchula mitundu yake, mwina kambirimbiri, koma ine palibe chimene ndinasunga. Ndinangosankha mwa maso anga a woluka. Nyanga ndinamuviika mofiira, Bongo mwa lalanje, Bowa mobiriwira.

Inamwa utoto bwino kuposa mlaza. Ndinaiyanika padzuwa la Okutobala, kuiviikanso, kuiyanikanso. Inakongola, ndisaname, ndipo ndinadzitama. Vuto linali manja anga, amene anafiira mpaka m'zikhadabo. Ndinawakhula ndi mchenga, ndi phulusa, ndi ndimu, koma anakana. Lachisanu mmawa nditamva belu la ng'ombe patali, ndinabwezera miyala m'madzi ake, n'kuphimba botolo ndi nsalu.

Amalume anali nkhalamba yaitali yowonda, ya jekete lakuda ngakhale kunkatentha choncho. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, achimwene pambali pawo, amuna anga pakachitsa. Akuluakulu ena awiri a pamudzi anabweranso. Ine ndinakhala pamphasa chapatali monga achitira mkazi pamaso pa apongozi, manja nditawabisa m'chitenje. Atamwa thobwa ndi kufunsana za mvula ndi maliro a kwawo, achimwene anafotokoza zonse mwadongosolo, osawonjeza, osachotsa. Amalume anamvetsera atatseka maso.

“Tiione miyala yeve iyo,” anatero pomaliza.

Amuna anga anafuna kudzuka, koma ine ndinawatsogolera. Ndinabweretsa botolo nditaligwira ndi nsalu yomwe ija, kuliika pakati pa bwalo, n'kuvundukula. Dzuwa linalowa m'galasi, miyala itatu n'kuyaka.

Mmodzi wa akuluakulu aja anagwira pakamwa. Achimwene anadzuka pampando, kuzungulira botolo, kuwerama, kuzunguliranso. “Mailo-mailo apa yenze yotuŵa,” anatero ndi mawu otsika. Kwathu mailo ndi dzulo, ndi mawanso. Amalume anavala magalasi awo nasuzumira nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa achimwene.

“Lomba mwaniitanila vinji? Mwipwa wangu enze kulaŵila zoona,” anatero, kutanthauza kuti mwana wa mlongo wawo ankanena zoona.

Zinali zitatheka. Amalume anali atavula kale magalasi, achimwene akukanda kumutu. Chinatsala n'chakuti amuna anga angokhala chete, basi. Ndinawayang'ana ndi maso owapempha. Iwo sanandiyang'ane. Anali atagwada pafupi ndi botolo, nkhope ili pagalasi, ndipo poyamba ndinaona chimwemwe chikubwera pankhopepo ngati cha mwana. Sichinakhalitse. Chinachoka pang'onopang'ono ine ndikuona.

“Amalume,” anatero, “iyi ni mitundu yake lini.”

Anapitiriza osachotsa maso pabotolo.

“Uyu Nyanga enze lini ofiila. Enze monga tiyi wa mkaka, thupi lonse. Kunsonga chabe, apa na apa, penze buluu, monga buluu wochapila mukausungunula pang'ono.” Ankaloza ndi chala pagalasi, nsonga imodziimodzi. “Bongo enze obiliŵila, koma m'mizele mukati chabe, monga msipu wa mvula yoyamba. Pamwamba pa mizele penze pofiilila. Uyu Bowa enze monga mphalabungu yowamba, ndipo pakati apa penze pakamwa, pa mtundu wa mankhwala ŵapaka pa vilonda ku chipatala. Penze kutseguka na kutseka. Nenze nauona na menso ŵangu.” Anapumira, n'kuwonjeza motsitsa mawu: “Iyi ŵaivalika monga ŵamai ŵa chipani pa siku ya ufulu.”

Mkulu mmodzi anaseka pang'ono n'kudziletsa. Ine sindinaseke. Kanali koyamba kumva mitunduyo mpaka kumapeto, popanda womudula mawu, popanda ndiwo zopsa pamoto. Munthu wopeka amasankha zowala, ngati m'mene ndinasankhira ine. Ndani angapeke tiyi wamkaka? Ndani angapeke kuti kubiriwira kunali m'kati mwa mizere mokha? Munthu uyu, amene anaiwala dzina la mnzake wa zaka zinayi, ankadziwa nsonga iliyonse ya mwala umenewu.

Pamene ankayankhula, utoto unali utayamba kale kutuluka m'miyala, ukukwera m'madzi ngati utsi. Posakhalitsa wofiira unakumana ndi wobiriwira, madzi n'kuyamba kuda. Aliyense anaona.

Amalume anabwezera magalasi pamphuno. “Mwipwa wangu, niuze. Iyi miyala ni yamoyo?”

“Yenze yamoyo. Inafwa mu njila, pa Mbeya, mu chitini. Ninamva fungo.”

Ndinadzidzimuka. Zaka zonsezo sanandiuzepo zimenezi.

“Lomba mchele ukutayila vinji, ngati uziŵa kuti inafwa?”

Amuna anga anasisita chipsera chawo. “Masiku ŵena nuganiza kuti kapena ingauke. Niziŵa, ni kupusa. Koma chikulu ni ichi, amalume. Pa ngozi pala vinthu vinyinji vinachoka mu mutu. Nukumbuka lini msewu, nukumbuka lini ŵanzangu. Ichi chimozi chinasala chonse, na mitundu yake. Nikalaŵa manzi ŵa mchele, nuona bwato, nuona kabokosi, nuziŵa kuti nenzeko. Kuno palibe onikhulupilila. Nikaleka na newo, nisala na vinji?” Kenaka anatembenukira kwa achimwene. “Mchele wa chinamwali ninalakwa, mlamu. Uyo ni mlandu wangu.”

Amalume anayang'ana botolo, madzi ake tsopano ali ngati a m'chithaphwi, kenaka anayang'ana kumphasa kumene ndinakhala.

“Apongozi,” anatero, “mwewo ndimwe mukhala naye mu ng'anda. Ise tuona chabe kunja. Mukalaŵila kuti ni olwala, nikwela naye basi mailo. Mukalaŵila kuti ali bwino, nibwelela neka. Laŵilani.”

Pa mwambo wathu mkazi sachulutsa mawu pamaso pa apongozi. Amayankha mwachidule, maso ali pansi. Ine ndinasendera kutsogolo ndi mawondo, n'kutulutsa manja m'chitenje, kuwatambasula kuti onse awaone. Anali ofiira ngati ndapha nkhuku.

“Apongozi, opaka miyala ni newo. Ninaphika mapepala ŵa kusukulu mailo, ŵeve ŵalibe. Nenze kuyopa kuti muŵatola.” Sindinalekere pomwepo. “Boza langu lenze lagwila. Mwaona mweka, mwenze mwavomela. Ŵakanakhala chete, nkhani ikanasila. Koma ŵakana boza lakuti liŵapulumuse. Pano pa bwalo onama ni newo, olaŵila zoona ni ŵeve. Ngati pali ofunika kukwela basi, tolani newo, nine naphikila miyala mapepala.”

“Nafunsa lini va basi,” anatero amalume. “Nafunsa ngati ali bwino.”

“Ŵali bwino. Ŵanaona vamene ŵakulaŵila. Niŵakhulupilila.”

Achimwene anandiyang'ana ngati sanandionepo. Amalume anatulutsa kansalu m'thumba la jekete, kupukuta magalasi, kupukutanso, ngakhale anali oyera kale. Pomaliza anati mwana wa mlongo wawo alipire mlandu wa mchere monga mwa chiweruzo cha eni mudzi, chifukwa kutenga cha gulu n'kulakwa ngakhale uli ndi chifukwa. Koma za Lusaka, anati, iwo sakuonapo wodwala. Achimwene anavomera kuti alamu awo akonze denga la nkhokwe yawo ndi ngolo imene inathyoka gudumu, nkhani n'kutha. Kenaka anandiuza kuti ndikaphike, alendo afa ndi njala, ndipo ndisambe m'manja kaye. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka misozi ili m'masaya.

Alendo atadya n'kupita kukapuma, ndinawapeza amuna anga kuseri kwa nyumba. Anali atakhuthula botolo, akutsuka miyala m'beseni ndi kaburashi kakale. Madzi ankafiira, iwo n'kutaya, kuthira ena. Ndinaima pambali osadziwa poyambira. Ndinali nditawapulumutsa kapena kuwachititsa manyazi, sindinkadziwa kuti iwo akuona ziti. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kwa kamphindi kaja pabwalo anakhulupirira kuti miyala yawo yauka, ndipo amene anawapatsa chimwemwe chabodzacho n'kuwalandanso ndinali ine.

“Nikhululukileni, awisi ŵana,” ndinatero.

Anandipatsa Bongo ndi chiguduli. Ndinagwada, n'kuyamba kukhula m'mizere yake. Utoto wambiri unkachoka, wina unakanirira m'timabowo. Tinagwira ntchitoyo limodzi, nkhuku zikutizungulira.

“Vamene mwalaŵila pa bwalo,” anatero kenaka, maso ali m'beseni, “mwalaŵila kuti ŵasanitole, kapena ni va mu mtima?”

Ndikanatha kuwayankha zokoma, koma tsiku limenelo bodza linali litandikwana.

“Mailo nenze kukhulupilila lini,” ndinatero. “Zaka zonse izi nenze kukhulupilila lini. Lelo nakhulupilila.”

Anagwedeza mutu pang'ono, akukhulabe Nyanga pamalo amodzimodzi pamene panali patayera kale. Ndinaona dontho likugwera m'beseni, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti asachite manyazi.

Ndinaika Bongo pansi, kupukuta manja pachitenje, n'kukhala bwinobwino pansi, miyendo nditatambasula. Mbale za alendo zinali zisanatsukidwe, madzi a madzulo ndinali ndisanatunge.

“Niuzeni,” ndinatero. “Kuyambila pa bwato. Musasiye kalikonse.”

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuwaseka. Zaka zonsezo anthu ankawayambitsa nkhaniyi kuti apeze choseka, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawapemphapo kuti aimve. Atatsimikiza, anaika kaburashi pansi.

“Bwato yeve yenze ing'onoing'ono,” anayamba, “ya mitengo iŵili m'mbali kuti isagubuduke.”